Kabotolo ka Tsabola Pakhomo la Khoti

"Aka sikalowa, sisi," anatero mlonda wa pakhoti, atapeza kabotolo ka tsabola wopopera m'maso m'chikwama cha Vuyiswa.

"Chonde, bhuti, mchimwene wanga, n'kololedwa. Ndinachita kugula m'sitolo ku Mdantsane."

"Kunjako inde, koma muno ayi. Mutenga potuluka."

Vuyiswa anapereka kabotoloko. Chithawireni kwa mwamuna wake, Mlungisi, amene anamuthyola nthiti, ankagona atakafumbata. Tsikulo anabwera kudzapempha khoti kuti liletse bamboyo kumuyandikira.

Anakwera masitepe. Podikirira panali podzaza anthu, koma wapolisi sankaoneka. Pabenchi panangotsala kampata kamodzi, pomwe wina anaikapo chipewa.

Mlungisi anachotsa chipewacho, n'kumwetulira.

"Khala apa, mkazi wanga. Ndakusungira malo."