Masipika Akuseri kwa Katani

Mavalavu, timababu tagalasi ta mu ampulifaya yokweza mawu, anali atayamba kufiira pamene mayi mwini sitolo ya zoimbira anakoka katani yakuda, kubisa masipika onse anayi Makutu asanalowe.

"Awiri achokera kunja," anatero mayiyo. "Awiri enawo ndawatenga kushopu ya mng'ono wanu. Simuwaona, mungowamva. Mundiuze oyenera kugulitsa limodzi ndi ampulifayayi."

Makutu anakhala pampando wapakati, chipewa chili pabondo. Dzinali anampatsa ndi anzake, chifukwa ankadziwa vuto la wailesi asanamasule ngakhale sikuluu imodzi. Ampulifaya ya mavalavu ankaidziwa bwino. Mawu ake ndi okoma, koma mphamvu yake ndi yochepa, mawati asanu ndi atatu basi. Imafuna masipika osavuta kudzutsa, oti ukawanong'oneza iwo n'kuyankha mokweza.

Koma maganizo ake sanali pa mawati. Anali pa mawu aja akuti mng'ono wanu.

Zaka khumi ndi ziwiri zinali zitadutsa chimwalirire bambo awo, amene ankapanga masipika ndipo anaphunzitsa ana awo onse awiri. Maliro asanazizire, mng'onoyo anasintha maloko a shopu. Makutu anafika m'mawa wina, kiyi n'kukana kulowa. Kuyambira pamenepo ankakonza mawailesi ndi mafoni pakhonde la sitolo ya wina, mvula ikumuwaza kumsana. Mng'ono wake ankadutsa pamsewu womwewo pagalimoto, maso ali kutsogolo. Makutu sanapite kukhoti, sanatukwane munthu. Anangosunga chakukhosi. Ndipo lero tsiku linali litadzibweretsa lokha.

Mayi uja anaika mbale yanyimbo, singano n'kutera. Masipika oyamba anayamba kuimba. Anali aphokoso ndithu, chipinda chonse chinadzaza. Koma lipenga linkabaya m'khutu, ndipo mawu a woimbayo ankatuluka ngati akulankhulira m'chitini. Makutu anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati wakhutira.

Mayiyo anazimitsa ampulifaya, kusintha mawaya kuseri kwa katani, n'kuyatsanso.

Nyimbo yomweyo inabwerera, ndipo tsitsi la Makutu linanyanyuka. Woimba uja anali ngati waima pomwepo, kupuma kwake kukumveka. Chala cha woimba gitala chinkamveka chikutsetsereka pansambo. Ng'oma inkagunda pachifuwa koma osaphimba zinazo. Palibe fakitale yakunja imene ikanatulutsa mawu amenewo. Awa anali matabwa okhuthala olumikizidwa popanda msomali, ubweya woyalidwa mkati ndi manja, monga ankachitira bambo awo. Anali mawu a kwawo.

Mtima unamuwawa. Kodi wakuba uja wafika pamenepa? Anakumbukira kiyi wokana kulowa, anakumbukira mkazi wake akugulitsa makina osokera kuti ana asachotsedwe sukulu. Anaumitsa nkhope.

"Zimitsani, mayi," anatero.

"Nyimbo sinathe, bambo."

"Ndamva zokwanira. Achiwiriwa amanyenga khutu. Mphindi zisanu zoyamba amakoma, koma mukakhala nawo sabata mutopa nawo. Mawu apansi ndi otupa, apamwamba ndi ofota. Ndipo bokosi lake likulira lokha. Wopanga wake anangoonera kwa ena, luso alibe. Pakatha chaka guluu adzalekana, makasitomala adzakubwezerani."

Ananama mosadodoma, liwu lililonse akuliika pamalo pake ngati msomali. Ankadziwa kuti m'tauni yonse palibe amene amatsutsa khutu lake. Mawa lomwe nkhani idzakhala itafika kwa ogulitsa onse, ndipo shopu ija idzayamba kuchita ndere pakhomo.

"Mukutsimikiza?" anafunsa mayiyo. "Ine ndinawakonda achiwiriwo."

"Munandiitanira khutu langa. Tengani akunjawo."

Mayiyo anapita patebulo, n'kuimbira foni wothandizira kuitanitsa katundu. Anamuuza kuti atumize masipika makumi anayi akunja aja. Makutu anamvetsera zonse, kukoma kukuyenderera m'thupi ngati madzi ozizira tsiku lotentha. Anaimirira, kuvala chipewa.

"Pepani kuti ndakutayitsani nthawi," anatero mayiyo akutsegula katani. "Ndimafuna muwasankhe nokha musanadziwe, kenako tisainirane kuti muzindipangira mwezi ndi mwezi. Mng'ono wanu akuti iye kupanga masipika kunamukanika kalekale. Achiwiriwa munapanga ndinu bambo anu ali moyo, ndipo mng'ono wanuyo ndi amene anandichonderera kuti ntchitoyi ndikupatseni."