Makina Odikira Morton

Linali tsiku la makumi awiri Filipo akupala dzimbiri pamakina, ndipo uthenga umene anabwera nawo unali usanatulukebe m'kamwa mwake.

Makinawo anali osemera zitsulo, opalasa ndi phazi. Anakhala pamvula zaka khumi ndi zisanu kumunda wa khofi umene mzungu wake anausiya mitengo itauma. A Isake, amene anaphunzira za zitsulo ku Mishoni ya Mulanje ali mnyamata, anawapempha kwa kapitawo wa mundawo. Amuna asanu ndi mmodzi anawanyamula pamitengo mpaka m'chisakasa cha kuseri kwa nyumba yawo, kufupi ndi Milonde. Mkuluyo ankafuna kuti mwana wawo mmodzi yekhayo, Morton, akabwerako kunkhondo adzapeze ntchito ya manja ake, asadzakalambire m'minda ya tiyi.

Koma Morton sakanabwera. Filipo ankadziwa, chifukwa ndiye anamukwirira.

Onse awiri anali amtengatenga, osenza mabokosi a zipolopolo m'dziko la Apwitikizi. Morton anadwala kamwazi. Anayenda masiku anayi atakolowekera dzanja paphewa la Filipo. Tsiku lachisanu analephera kudzuka. Mawu ake omaliza anali akuti, "Ukawauze wekha bambo anga. Asakamve kwa anthu a m'njira."

Nkhondo itatha, Filipo anayamba wapita kwawo, kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Anapeza nyumba zitapsa, udzu utamera pabwalo, popanda ndi mmodzi yemwe womuuza kumene abale ake analowera. Mu Januwale wa 1919 anawoloka mtsinje n'kumafunsa njira ya kwa a Isake.

Anawapeza okha m'chisakasa muja. Akazi awo, a Emma, anali atamwalira mwezi wapitawo ndi chimfine chachikulu chimene chinapululutsa anthu chaka chimenecho.

"Bambo, ine ndine Filipo. Ndinali limodzi ndi Morton ku..."

"Ndiye kuti nayenso ali m'njira," anatero a Isake osatukula mutu. "Tandigwirira apa, gudumuli likulemera."

Filipo anagwira. Mumtima anati anena mawa.

Mawa lake ananyika mabawuti m'palafini. Mkuja lake anakwecha msana wa makinawo ndi mchenga wonyowa mpaka zala zinasupuka. Chopondera chinali chitawola, ndiye anasema china cha mkungudza wochokera kuphiri la Chambe. Pagudumu laling'ono panali dzino lothyoka. A Isake anasula lina n'kulisalaza ndi tupa masiku atatu, maso ali pafupi kwambiri ndi chitsulo chifukwa anali atayamba kuona mwachimbuuzi.

Manja akugwira ntchito, mkuluyo sankatha mafunso.

"Kodi amaimbabe akamayenda?"

"Amaimba, bambo. Nyimbo za kutchalitchi, koma amaikamo mayina a asilikali."

"Ameneyo ndi iyeyo. Nanga mapazi? Amatupa msanga mwana uja."

"Tinamusokera nsapato za chikopa cha bulu."

A Isake ankaseka, kenako n'kufunsanso nkhani yomweyo tsiku lotsatira. Filipo ankasamala lilime ngati munthu woyenda paminga. Kamodzi linaterereka, n'kunena kuti, "Anali munthu wabwino." Pamenepo n'kuti mkuluyo akumenya chitsulo, ndipo Filipo anathokoza Mulungu kuti nyundo inameza mawuwo.

Akamapita kumtsinje ankayeseza kunena uthengawo. Ankauza miyala, ankauza mitengo ya mibawa. Koma akabwerera n'kuona msana wowerama uja, ndi mphasa ya Morton imene a Isake ankaiyanika padzuwa Loweruka lililonse, ankangoyambiranso kupala dzimbiri. Anali ataona anthu ambiri akufa. Sankafuna kupha wina ndi pakamwa pake.

Tsiku la makumi awirilo dzimbiri lomaliza linachoka dzuwa lili paliwombo. Anathira mafuta a nsatsi paliponse pozungulira. Anakoloweka lamba watsopano wa chikopa cha ng'ombe. A Isake anamanga kachitsulo kotalika ngati chala pamano a makinawo.

"Bondo langa silingathe. Palasa iwe."

Filipo anaponda. Gudumu lalikulu linakana pang'ono, linalira, kenako linavomera. Lamba anayamba kuthamanga. A Isake anasendeza mpeni wa makinawo pang'onopang'ono, ndipo chitsulo chinayamba kusengeka, timizere tonyezimira tikupotana n'kugwera pansi. Mkuluyo anatola kamzere kamodzi n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Akafika, adzangoyambira pomwepa," anatero.

Phazi la Filipo linaleka kuponda. Gudumu linazungulira lokha kangapo n'kuima.

Filipo anagwada padothi, timizere tachitsulo tikumubaya m'mawondo.

"Bambo, ndakulakwirani. Ndadya chakudya chanu masiku onsewa ndi bodza m'kamwa. Morton sabwera. Anamwalira mu Ogasiti, ali m'manja mwangamu. Ndinamuika ndekha pansi pa mtengo wa mkuyu. Ananditumiza kuti ndidzakuuzeni, koma ine ndinachita mantha."

Anadikira kulira. Anadikira ndodo, kapena kuthamangitsidwa.

A Isake anapukuta manja pansanza, chala chimodzichimodzi, n'kukhala pansi pambali pake.

"Mesenjala wa ku boma anadzatiuza mvula isanayambe," anatero motsitsa mawu. "Amayi ake anapita akudziwa."

Filipo anatukula mutu. "Nanga bwanji simunandilole kunena?"

"Ukananena tsiku lija, ukanagona kamodzi n'kumapita. Ndiye akanandiuza ndani kuti mwana wanga ankaimba?"