Chipewa Choyera cha a Chilekwa

"Landira, Kangwa mwanawe," anatero mayi wamasiye pogawa katundu wa malemu amuna awo, a Chilekwa, akumpatsa chipewa choyera cha ukapitawo wa pamgodi.

Kangwa anangochiyang'ana chipewacho. Zaka zitatu ankalakalaka udindowo, mpaka analembera mabwana kalata yopanda dzina yoti a Chilekwa sakuonanso bwino. Anawapumitsa ntchito, mpando n'kukhala wake. Mkuluyo anamwalira asanathe miyezi iwiri ali pakhomo.

"Mayi, sindikuyenera ine."

"Iwe, usandivute, malemu anachita kunena okha kuti ndikupatse. Kalata ija mabwana anawaonetsa, ndipo kalembedwe kako anakazindikira. Si ndiwo anakuphunzitsa kulemba malipoti?"



"Anabwera akuseka tsiku limenelo," anapitiriza mayiwo. "Amvekere, 'Mwana uja tsopano akulemba bwino, sanalakwitse ngakhale liwu limodzi.'"