Wakuba Mchere wa Febe

Febe atatsegula chitseko cha situdiyo, anathamangira kutebulo lake. Chipangizo chake chinali chitadzitsekanso, mbulu wa mchere palibe.

"Evaristo!" anakuwa, ngakhale mwini dzinalo anali asanafike.

Situdiyoyo inali ya ophunzira za mapulani a nyumba pa koleji ina yaing'ono ya ku Mpingu. Teremu imeneyo aphunzitsi awo, a Fabiano, anati zojambula papepala zakwana. Aliyense apange chinthu chogwirika, chothandiza pakhomo la kumudzi, ndipo wolephera abwereza chaka. A Fabianowo sankaseka nayo ntchito yaulesi. Mapulani a situdiyo yomweyo anajambula ndi iwo, ndipo mlendo aliyense ankamulozera kumwamba, dazi lawo likuchita kunyezimira ndi kunyada. "Ili ndiye denga. Mukadzamanga longa ili, ndidzakutchani anzanga."

Febe anaganizira mayi ake ku Kabudula. Akayanika ufa pamphasa n'kupita kumunda, mvula imangotulukira, pobwera n'kupeza ufa wonse uli phala. Ndiye mwana wawo anapanga kadenga ka nsungwi ndi pulasitiki, kokokedwa ndi mphira wa njinga. Chokagwira kuti kakhale kotsegula chinali mbulu umodzi wa mchere, wopanikizidwa kukamwa kwa botolo lodula pakati. Madontho oyamba akagwera m'botolomo, mchere usungunuka, mphira ukoka, ufa wavindikirika. Mutu wa mtsikanayu unkagwira, tisanamizane.

Koma nanga bwanji kankatseka popanda wokathira madzi? Madzulo ankakasiya kotsegula bwinobwino, m'mawa n'kukapeza kali tsekee. A Fabiano anali atachenjeza kale kuti chipangizo chochita zofuna zake n'chidole, ndipo iwo sakhozetsa zidole.

Wakuba ankadziwika. Tebulo la Evaristo linali loyandikana ndi lake, ndipo nyengo yake inali ya mango. Mnyamatayo ankadya mango osapsa tsiku lonse, akutowa kamchere m'dzanja, nkhope ili thinyathinya. Komanso nsanje ikanalephera bwanji? Iye ankapanga mbaula yosafuka utsi, imene ikayatsidwa kalasi yonse inkathawira panja ikutsokomola. Chomwe chinkamunyansa kwambiri Febe n'chakuti botolo ankalipeza lonyowa. Ndiye kuti munthu wamkulu, wandevu zake, ankachita kunyambita!

"Iwe, mchere wanga ukukoma eti?" anamufunsa atangolowa.

"Mchere uti, achemwali? Ine wanga ndimagula pa okala."

"Ndidzakugwira, uona."

Evaristo anangoseka, n'kumupatsa bango. Febe analikana, ngakhale mate anali atadzaza m'kamwa.

Anayesa zonse. Anapaka mbuluwo tsabola wa kambuzi, koma m'mawa unali utapita, Evaristo n'kulowa akuimba likhweru, milomo ili bwinobwino. Anawaza ufa pansi kuti aone mapazi, osapezapo ngakhale la nyerere. Apa mpomwe anatsimikiza kuti mnzakeyo si wakuba wamba. Masiku ena mbuluwo unkagona osakhudzidwa, Febe n'kudziwa kuti wakubayo akumupusitsa kuti atayirire. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anadziuza.

Tsiku loonetsa ntchito linafika kunja kutachita mdima wa mitambo. Febe sanafune zamanyazi. Anapempha pamaso pa onse kuti Evaristo akakhale kuchitseko, kutali ndi tebulo lake. Kalasi inafa nacho chikhakhali. Evaristo ananyamula mpando wake ndi mango ake, n'kupita akugwedeza mutu.

Anzake anaonetsa zawo. Wina chitseko cha khola chomwe mbuzi singatsegule, wina zenera lolowetsa mphepo koma lokaniza udzudzu. Mbaula ya Evaristo inafuka pang'ono chabe, anthu n'kuombera m'manja modabwa. Pofika nthawi ya Febe, mvula inali itayamba kulira pamalata, moti ankachita kukuwa kuti amveke.

Anayala kamphasa, anawazapo ufa, anakoka kadenga kaja n'kuika mbulu wake mosamala. M'dzanja anagwira kapu ya madzi oyesera. Koma asanathire anafuna afotokoze kaye. Ananena za mayi ake, za ulendo wa kuchigayo ndi thumba pamutu, za ufa wonunkha chuku umene ana amaudya chifukwa palibe wina. Anthu anatchera khutu. Ngakhale a Fabiano anali akugwedezera mutu.

Phaa!

Kadenga kanatseka. Kapu inali ikadali yodzaza m'dzanja lake.

Febe anatembenukira kuchitseko. Evaristo anali phee pampando wake, bango lili kukamwa, maso ali tong'oo. Mtsikanayo anatula kapu ija patebulo. Ndiye kuti wakuba panalibe. Chinthucho chinali chidole basi, ndipo wachita kudziyalutsa yekha pagulu. Chaka chonse chapita m'madzi. Akawauza chiyani mayi ake, amene anali atauza kale amayi onse a mvano kuti mwana wawo wapanga makina?

A Fabiano anadzuka, nkhope ili gwaa.

"Ndinanena chiyani za zidole, a Febe?"

Anayandikira tebulo, anakonza magalasi, n'kuweramira pabotolo paja kuti aone pamene palakwika.

Tho! Dontho linagwera pakati penipeni pa dazi lawo. Tho! linanso. Kalasi yonse inakweza maso kudenga lotchuka lija.

"Mwakhoza," anatero a Fabiano chapansipansi, akupukuta mutu.

Evaristo anachotsa bango kukamwa. "Aphunzitsi, kodi denga lanuli nalonso limadya mango?"