Mtima wa Alamu

Mayi wina wa ana atatu anali pakati posita mayunifolomu pamene foni inalira. Alamu ake, ang'ono a mwamuna wake, anali atagwa pokwera masitepe kuntchito. Pofika nawo kuchipatala n'kuti atatsirizika kale. Munthu wosasuta, wosanenepa, wopanda ndi imvi yomwe.

Maliro atatha, adokotala anaitanitsa banja. Anati nthenda ya mtima imeneyi ndi yakumtundu, ndipo imangogwetsa munthu osachenjeza. Oyenera kuyezedwa ndi makolo, abale a bere limodzi ndi ana a malemu. Ana a abalewo amayezedwa pokhapokha kholo lawo likapezeka nayo. Alamuwo sanakwatire, choncho maso onse anali pa mwamuna wa mayi uja.

Mwamunayo, dalaivala wa thiraki, anangoseka. Ankati injini ikamalira bwino suimasula. Mayiyo anamukakamira m'mawa ndi madzulo, ngakhale akusamba ankamulankhulira pachitseko. Anapita yekha kuchipatala kukapempha kuti ayezedwe onse, ndi ana omwe, koma nesi anamubweza: makina ndi amodzi, mzere ndi wautali, ayambe abambo. Tulo tinamuthawa. Ana akabwera kumpira ali thukuta kamukamu, ankawakalipira popanda chifukwa. Apongozi ake ankauza aliyense kuti mwana wawo anapeza mkazi womukonda.

Mapeto ake bamboyo anapita, ati kuti makutu ake apumeko.

Anabwerako masana akuimba mluzu, n'kumupeza mkazi wake akusitanso malaya.

"Amayi a ana, umasiye muuiwale chaka chino. Akuti mtima wanga ndi wa kamnyamata. Ndiye anawa asavutike, palibe chowayezera."

"Ngakhale wamkuluyu? Mukudziwa mmene amathamangira muja."

"Adokotala anena okha. Ngati ine ndilibe, iyeyo akaitenga kuti?"

Bamboyo anatuluka kukauza amayi ake. Pawindo, mkazi uja anaona mwana wake wachisamba atawerama, akumanga zingwe za nsapato za mpira. Anatsegula pakamwa kuti amuitane, koma akanamuuza chiyani? Alamu aja sanakwatire, n'zoona. Koma anasiya mwana, ndi uyo akuthamangira kubwaloyo, ndipo mwa anthu awiri odziwa zimenezi wotsala anali iye yekha.

Anatembenuza malaya aja n'kuyamba kolala. Simbi inali itazizira.