Galu Woluma Wobweretsa Madeya

Padangotero, a Kandulu atangoikidwa m'manda, pakhomo pawo panatsala Kavalo wokalamba ndi Galu. Kavalo mano anali atatha, udzu unkamukanika. Ankakhalira madeya amene Lufeyo wa kuchigayo ankabweretsa pa njinga Lachisanu lililonse.

Achibale a malemu sanachedwe. Ananyamula mipando, wilibala, ngakhale malata a khola, Galu akuwagwedezera mchira.

Lachisanu litakwana, Kavalo ankangozungulira mpanda, makutu ali kumsewu, m'mimba mukulira. Belu la njinga litamveka, Galu anadzambatuka.

"Mphwanga, musiye ameneyo!" anatero Kavalo. "Ndiye yekha amalowa pano atasenza. Enawa amasenza potuluka."

"Inu agogo, musandiphunzitse ntchito," anayankha Galu. "Amenewo ndi apabanja, fungo lawo ndimalidziwa. Uyu ndi mwana wa yani?"

"Nanga fungo lawolo linali kuti miyezi itatu ija bwana ankabuula okha m'nyumbamu?"

Galu sanamvere. Anamulumphira Lufeyo n'kumuluma pakatumba. Lufeyo anatembenuza njinga, thumba lili chimangire, akulumbira kuti pakhomopo sadzapondaponso.

Masiku anayi Kavalo anatafuna thabwa la mpanda, kenako miyendo inamukana, n'kugona pansi. Tsiku lachisanu kunatulukira mlamu wa malemu, chingwe paphewa, mpeni m'manja, akung'ung'udza kuti chaphindu chatsala ndi chikopa chokha.

Kavalo anauona mpeniwo. Galu anathamanga, kukanyambita dzanja logwira mpenilo, n'kumutsogolera kukhola.

"Agogo, tadzukani," anatero mokondwa. "Munkadandaula njala, si awa abale abwera!"