Kapu ya Madzi pa Sipika

Panali munthu wina, kalipentala, amene ankakhoma mabokosi a masipika. Ankagwira ntchito m'shedi imodzi ndi mng'ono wake, amene anamuphunzitsa yekha kugwira sowo. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso awo.

M'kupita kwa zaka, makasitomala anayamba kumulambalala. Moni ankapereka kwa mkuluyo, koma miyendo inkapita kwa mng'ono wake. Mng'onoyo anali ndi kachitidwe kake. Akamaliza bokosi ankaika kapu yodzaza madzi pamwamba pake, n'kukweza nyimbo ya besi yolemera. Madzi akanjenjemera ankatsegula bokosilo, n'kuwonjezera timitanda ta m'kati ndi guluu, mpaka madziwo atakhala phee.

"Besi izigunda pachifuwa cha munthu, osati pathabwa," ankatero.

"Masipika akowa amamwanso madzi?" mkuluyo ankamuseka, akukanda kukhutu ndi pensulo yake yofiira imene sinkachoka pamenepo. Koma mumtima munali moto. Ngakhale mng'ono wake akauza kasitomala kuti, "Tebulo labwino pitani kwa achimwene," iye ankamva ngati akumuponyera zotsala.

Mwana wamkazi wa mkuluyo atatsala pang'ono kukwatiwa, mng'onoyo anayamba kukhoma mabokosi awiri akuluakulu. Tsiku lowayesa, malata a shedi analira, agalu anauwa, koma madzi m'kapu anangoti zii. Anthu odutsa anaima n'kuomba m'manja.

Mkuluyo anafika kunyumba nkhope ili gwaa.

"Akufuna adzandivule pa ukwati wa mwana wanga," anauza mkazi wake. "Anthu azidzati bambo wa mkwatibwi ndi uyu, koma waluso ndi uyo."

"Bambo, mwamufunsa kuti ndi a ndani masipikawo?"

"Ndifunse mwana amene ndinkamupukuta mamina?"

"Nsanje idzakudwalitsani inu. Alamu anga sanakulakwireni kanthu."

"Kodi nanunso muli mbali yake eti?"

Mawa lake masana, mng'onoyo atapita kukagula penti, mkuluyo anamasula matabwa akumbuyo a mabokosi aja. Analowetsa mutu ndi dzanja, n'kugumula timitanda tonse ndi hamala. Anatseka bwinobwino, timitandato n'kutiponya pamoto. Madzulo anaona kuti pensulo yake yasowa, koma sanaganize zambiri. Mng'onoyo anapenta mabokosiwo, anawafunditsa nsalu, osawayesanso. Nanga si anali atawayesa kale?

Tsiku la ukwati holo inadzaza. Mabokosi aja anawakweza pamatebulo awiri kutsogolo, pafupi ndi keke. Mng'onoyo anapempha maikolofoni.

"Achimwene, tabwerani kuno. Ine bambo atamwalira munandilera ndinu. Chilichonse chimene manja angawa amadziwa n'chanu. Masipika awa ndakhomera inu, muzibwereketsa m'maukwati, msana upumeko."

Anachotsa nsalu. Pabokosi lililonse panali dzina la mkuluyo, lolembedwa ndi penti yoyera.

Holo yonse inaimirira. Mkazi wa mkuluyo analira. Mkwatibwi anafuula, "Bambo, yatsani nokha timve!"

Mkuluyo anayandikira masipikawo.

"Tingoyamba motsitsa," anatero.

"Motsitsa bwanji achimwene?" mng'onoyo anaseka, n'kuika kapu ya madzi pabokosi lina kuti anthu aone. "Kwezani, musaope. Awa sagwedera."

Mkuluyo anakweza. Besi itangolowa, madzi anadumpha m'kapu. Matabwa anayamba kulira ngati chidebe chobooka, m'kati mukumveka kanthu kakuti kwerekwere. Bokosi lija linayamba kuyenda lokha patebulo, pang'onopang'ono, anthu akuyang'ana. Lisanagwiridwe linapendama n'kugwera pakeke. Thabwa lakumbuyo linang'ambika.

"Waluso uja ndi ameneyu?" munthu wina anakuwa kumbuyo, ena n'kuseka. Mkwatibwi anabisa nkhope m'manja.

Mng'onoyo anagwada n'kusuzumira m'bokosimo. Anaona zipsera za hamala pamene panali timitanda. Pakona anaona pensulo yofiira. Anaitola mwachangu n'kuiika m'thumba. Kenako anaimirira.

"Pepani nonse. Pepa mwana wanga. Ntchitoyi ndi ya manja anga, mlandu ndi wanga."

Ukwati unapitirira ndi kawayilesi kobwereka. Mkuluyo sanavine, sanadye.

Anthu akubalalika, mng'onoyo anamupeza panja ataima yekha. Sanakweze mawu. Anatulutsa pensulo ija, anaipukuta kirimu wa keke ndi mpango wake, n'kumupachika pakhutu.

"Munataya iyi, achimwene."

Lolemba m'mawa mkuluyo anapeza theka la shedi lili mbee. Benchi ya mng'ono wake inali itapita, zida zonse zitapita. Panangotsala mabokosi awiri aja okhala ndi dzina lake, ndi kapu yopanda madzi pamwamba.

Phunziro: Usanawononge cha m'bale wako chifukwa cha nsanje, yamba wamufunsa, chifukwa mwina chimene ukugumulacho akukonzera iwe. Pamene wina akuchita bwino sikuti wakulanda kanthu. Ukawerenga usasunge wekha, tumizira abale ako ndi anzako a kuntchito, mwina alipo amene wagwira kale hamala m'manja.